Tindowa ta Amidu

Miyendo ya Amidu idatupa mpaka patapata kukana kulowa. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo. Munthu amene ankakoka khoka ku Nkope osapuma, tsopano ankachita befu pongofika pakhomo.

Ku Blantyre, madokotala ofufuza ochokera kunja adauza mkazi wake, Tikhala, kuti mapuloteni, amene amagwira madzi m'mitsempha, akuthawa m'magazi a mwamunayo. Pothawira pake ndiye sankapadziwa. Adamubaya jakisoni wa mapuloteni oikidwa chizindikiro, kamphamvu kosaoneka komwe makina awo okha ndiwo amakamva. Kakapezeka m'chimbudzi chake, ndiye kuti matumbo ndiwo akudontha, ndipo adziwa pogwira.

"Bedi palibe, mayi," adatero namwino Ethel, akumupatsa tindowa ta zivindikiro. "Akafuna kudzithandiza, muzisunga umu. Zonse, sabata yonseyi. Kamphamvuka kamazilala, ndipo azunguwa mwezi ukatha akunyamuka."

Malo a makina alipo, a munthu palibe! Tikhala adameza mawuwo, nanyamula tindowato.

Kunyumba adapeza apongozi ake, a Safia, atabwera kudzadwazika mwana wawo. Nanga mtengwa angawayambe bwanji apongozi nkhani ya chimbudzi cha mwamuna wake? Adangobisa tindowato kuseri kwa thumba la chimanga, m'chipinda chomwe mayiwo ankaswaliramo mapemphero awo a Chisilamu.

Kutatsala pang'ono kuti abwerere ku Blantyre, Tikhala adapita kwa ogulitsa chambo kukagula ayezi woziziritsira tindowato pa ulendo. Pobwera adaona tindowa tonse tili pathandala, tovundikira, tikuwala ngati tatsopano.

"Amayi! Mwatani?"

"Ndikufunse ndine," adayankha a Safia, manja ali phulusa lokhalokha. "Masiku onsewa ndakhala ndikuswali pambali pa najisi, nyansi zenizeni, ndikupempherera mwana wanga. Mapemphero otero akafika kuti? Ndataya kuchimbudzi. Kwanu mumasunga zimenezi ngati ufa?"

"Umenewo unali umboni wa kuchipatala!"

"Ndiye pakamwa unasiya kuti? Ukadanena!"

Ayezi ankasungunuka, madzi akudonthera kumapazi ake. Tikhala adaimbira foni namwino uja.

"Mayo ine," adatero Ethel. "Kamphamvu kambiri kamatuluka masiku oyambawo. Kumubayanso pompano sangalole."

"Mudatipatsa ndowa ngati tikukatunga madzi! Mudafunsa kuti kwathu kuli ndani? Kuti tikaika pati? Akanakhala m'bale wa bwana, bedi likadasowa?"

Namwinoyo adayankhula motsitsa. "Sungani za masiku otsalawa. Mwina makina amvako pang'ono. Sindikulonjeza."

M'nyumba Amidu adaitana ndi mawu ofooka, akufuna kudzithandiza. Adamva zonse.

Tikhala adatenga kandowa kamodzi pathandala. Ulendo uno sadakabise. Adadutsa nako pamaso pa apongozi ake, nakakaika pakati penipeni pa chipinda choswaliramo chija.

A Safia adakayang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso miyendo ya mwana wawo, yonyezimira ngati ikufuna kuphulika. Adapinda mkeka wawo wopempherera, natuluka nawo panja, padzuwa la Mangochi lowotcha mchenga.

Tikhala adamugwira mwamuna wake m'khwapa kuti adzuke. Pomwe zala zake zidagwira, padatsala maenje.