Mpweya wa Mlamu

Faiba inapsanso.

Mayi Faiba anaika nsonga yake pa maikulosikopu. Kadontho kakuda, pakati penipeni. Kofanana ndi ka dzulo. Kofanana ndi ka dzana.

Dzinali anamupatsa ndi anzake a mu labu, chifukwa cha ntchito yake. Faiba ndi ulusi wagalasi, woonda ngati tsitsi, ndipo mkati mwake mumadutsa kuwala. Iye ankamanga makina oyezera ukhondo wa madzi. Popanda ulusiwo, makinawo ndi chibokosi chabe. Koma nsonga yake ikakhala ndi kachitsotso, ngakhale kosaoneka ndi maso, kuwala kwamphamvu kumakatentha. Galasi limapsera limodzi. Basi, yotaya.

Abwana anali atanena kale m'mawa, ataima pakhomo, manja m'thumba.

"Mayi, m'kabatimo yatsala imodzi. Ikapsa imeneyo, makinawa ndipatsa ena. Inu mubwerera kotsuka mabotolo."

Kotsuka mabotolo! Komwe anayambira ali mtsikana.

Mtima unamuwira. Sipiriti anasintha. Tishu anatsegula watsopano. Kapukutidwe kake kanali komweko ka masiku onse: kudontheza sipiriti pa tishu, kukoka nsonga kamodzi, mbali imodzi, tishuyo n'kutaya. Akayang'ana pa maikulosikopu, nsonga ili mbee. Nanga litsiro likuchokera kuti?

Panatsala malo amodzi oti afufuze. Makinawo anali kuseri kwa katani yakuda, ndipo wokalumikiza faiba kumeneko anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake. Bambo wandevu zake, wokonza mafoni mumsewu kale. Mwamuna wake ndiye anachonderera. "Ali ndi manja abwino, mupezereni pogwira." Iye n'kumupezera.

Mayi Faiba anatola kachidutswa kotaya. Anakapukuta bwinobwino ngati kenikeni.

"Mlamu, kalumikizeni."

"Mwalamula, bwana mkubwa," anatero mlamu, akuseka.

Mlamu analowa kuseri kuja. Iye anamutsatira chakachetechete, nasuzumira. Mlamu anatsitsa masiki mpaka pachibwano. Anakweza faiba kukamwa.

"Fuuu!"

"Mlamu!"

Mlamu anadzidzimuka, faiba inagwa.

"Mukutani?"

"Aaa, mlamu, mundiphetsa ndi mtima. Ndikungochotsa kafumbi."

"Fumbi liti? Si ndapukuta ine?"

"Poyenda pano kakhoza kutera. Ndiye ndimangothandizira."

"Ndi malovu?"

"Malovu ati? Ndi mpweya wokha. Mpweya wangawu wadzutsa mafoni ambiri akufa, funsani."

"Iyi ndi foni? Mukuona ngati tili pamphambano pano?"

Anamukokera ku maikulosikopu, naikapo kachidutswa kaja. Timadontho tili mbwee pagalasi ponse.

"Yang'anani. Yang'anani, musaphethire!"

Mlamu anayang'ana, nakanda ndevu.

"Komatu n'tating'ono."

"Zonse zapsa zija munkauzira?"

"Nanga n'kusiya imodzi? Dzanja linazolowera."

"Ndinakuuzani tsiku loyamba. Osakhudza. Osapumirapo. Masikiwo mumati ndi okongoletsa ndevu? Ine ndakhala ndikudzikayikira, kutaya sipiriti wabwinobwino, kutukwanidwa pamaso pa anthu. Inu muli phee, mukundionerera!"

"Pepanitu. Kukwiya choncho mukalamba msanga, achimwene akusiyani."

Nthabwala imeneyo ndiyo inamaliza zonse.

"Vulani gawuni."

"Mwati?"

"Vulani. Magolovesi m'bini. Khadi la pakhomo siyani patebulo."

"Mlamu, pachibale pathu?"

"Chibale tikachitira kunyumba. Tulukani."

Mlamu anavula mwaukali, naponya gawuni pansi. Chitseko anamenyetsa. Asanafike n'komwe pamasitepe, foni ya Mayi Faiba inalira. Mwamuna wake.

"Mayi a ana, ndamva chiyani? Ameneyo ndi mwana wa mayi anga."

"Ndiye mukamulembe ntchito inuyo."

"Tamverani kaye..."

Anaithimitsa. Za kunyumba ankazidziwa: nkhope zokwinya, apongozi kuyankhula ndi khoma iye ali pomwepo. Zikamupeza konko.

 Ndi mkwiyo wotere sakanagwira faiba yomaliza. Anakasamba m'manja ndi madzi ozizira, naima pasinki mpaka anakhazikika. Anavala magolovesi atsopano. Anatsegula kabati.

Sipiriti. Tishu. Kukoka kamodzi. Pa maikulosikopu, mbee. Anainyamula yekha mpaka kuseri kwa katani, mlomo ataluma, nailumikiza. Anayatsa, akukweza mphamvu pang'onopang'ono. Mzere wobiriwira unakwera pa kompyuta. Unafika pamwamba, n'kukhala pomwepo, osagwa.

Abwana anasuzumira. Anayang'ana mzere, kenako gawuni ili pansi.

"Nanga mnzanu uja?"

"Ndamuchotsa. Ankauzira faiba ndi pakamwa."

"Ndi pakamwa? Si m'bale wanu ameneyu?"

"Ndi m'bale wa mwamuna wanga."

 Abwana anayang'ananso mzere uja.

"Makinawa malizani ndinu. Wothandiza ndikupezereni?"

"Ndisankha ndekha," anayankha osatembenuka. "Ndipo kwathu asakudziwe."