Kampira Kanga Kanatsala m'Ndowa

Mpikisano wa pinibolo, masewera omenya kampira kachitsulo m'makina podina mabatani, wa kalabu yathu mumzinda wa Zwolle uli ndi malo ochepa, koma oufuna ndi khwimbi. Kale kulembetsa kunkatsegulidwa pa foni masana, nthawi imene ine ndimakhala pa njinga kukatenga mwana wanga Sanne kosungira ana. Pofika kunyumba, malo atha. Chonsecho pa makina ambiri a m'kalabumo wondiposa palibe.

Ndiye ndinakalipa pamsonkhano. "Wouter, kodi tikuyesa luso, kapena liwiro la zala za anthu opanda ana?"

Wouter, tcheyamani wathu, anagonja. Tinagwirizana za maere: aliyense alembe dzina pa kampira kachitsulo kotha ntchito, tiponye m'ndowa, titole. Ine ndinaonjezapo lamulo lakuti wosiya malo asapatse mnzake, titolenso m'ndowa. Ndimawadziwa amuna aja mmene amagawirana zinthu pa mowa.

Tsiku la maere anandiperekeza mlamu wanga Lieke, munthu amene amadina mabatani onse awiri pamodzi atatsinzina, n'kukuwa mpira ukamezedwa.

"Nane ndiponyemo kanga, mlamu? Si zaulere?"

"Ponya," ndinatero ndikuseka.

Kake kanatuluka koyambirira komwe. Kanga kanatsala, ndikukaona chonchi, zilembo zanga zofiira zili m'mwamba. Anthu anamuombera m'manja.

Lieke anandiyang'ana. "Wouter, malo angawa mupatseni mlamu wangayu, Marijke. Ine ndimangocheza."

Ndinayamba kale kuganiza za womusiyira mwana.

Wouter anakanda ndevu. "Sizitheka. Ukasiya, titolanso. Umufunse mlamu wakoyo mwini lamulo."

Ndinasuzumira m'ndowa. Timipira mbwee! Pambali panga Ruud, amene amati azimayi timangotha makina, anali atayamba kale kupukuta manja pa buluku.

"Usasiye," ndinatero. "Angatenge Ruud."

"Ndiye undiphunzitsa?"

Tsopano Lachitatu lililonse ndimaima kumbuyo kwake, Sanne ali m'manja, ndikumuuza kuti atsegule maso, adine batani limodzi. Dzulo anaukola mpira pa kamkono komenyera mpira ka kumanzere, n'kuudikira ukhale bata, n'kuuponya penipeni pamene ndinamulozera. Makina anawala, belu kulira. Anatembenuka mano onse pamtunda.

"Waona, mlamu?"

"Wangochita mwayi," ndinatero, ndipo ndinatuluka kukamusintha Sanne thewera, chonsecho linali louma.