Kanjira ka Njinga pa Mlatho

Lusia anathawa nkhondo ku Mandimba, kutsidya kwa malire, mwana wake Triza ali kumsana. Mwamuna wake, Filipe, anatsalira kuti abise mbewu, nalonjeza kuti awatsatira pa njinga. Zaka zinadutsa osaoneka. Lusia ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa kanjira ka njinga kotsikira pa mlatho wa Mangochi, poti aliyense wochokera kumalire ankadzera pomwepo. Belu likalira, maso ake ankathamangira pankhope ya wopalasayo.

Kenaka malole a chimanga cha othawa nkhondo anachuluka, n'kumathithikana pamlathopo. Madalaivala anati kanjirako kachotsedwe, msewu ukule, njinga zizikhotera kuseri kwa msika. Apanjinga anakana, amvekere msewu si wa olemera okha. Mkangano unakula mpaka kumzikiti ndi kutchalitchi.

A Bashiru, okonza njinga pafupi naye, anamufunsa, “Mayi a Triza, inu mukuti bwanji? Fumbi la malolewa silikukutopetsani?”

“Fumbi timasamba,” anayankha Lusia. “Koma bambo a Triza akadzafika, adzawauza ndani kuti njira inasintha? Tauni ino saidziwa.”

A Bashiru anangoweramira masipoko.

Kanjirako kanagumulidwa ndithu. Lusia anasenza beseni lake kupita kuseri kwa msika, kumene ogula anali ochepa, nakhala pokhota, pamene njinga zimachepetsa liwiro. Tsiku lina Triza anafunsa kuti ababa amaoneka bwanji. Lusia anayamba kufotokoza za kasekedwe kawo, chifukwa nkhope inali itayamba kumuthawa.