Ng'ombe ya Sabata, Ng'ombe ya Sande

Matenda a chigodola atadutsa ku Chipangali, m'khola la malemu a Zulu munatsala ng'ombe ziwiri zokha zolimira. Ana awo aamuna anagawana: a Bizwell anatenga Kapiteni, a Bonifasi anatenga Bulaki. Goli ndi pulawo zinali za onse, poti ng'ombe imodzi siilima yokha. Mlongo wawo Dolika, mayi wamasiye, anagawiridwa lonjezo lakuti munda wake wa nshawa uzilimidwa chaka ndi chaka.

Vuto linali lakuti ng'ombezo zinkapemphera kosiyana. A Bizwell anali mkulu wa mpingo wa Sabata, choncho Kapiteni ankapuma Loweruka. A Bonifasi anali wapampando wa mphakati ku Katolika, ndiye Bulaki ankapuma Lamlungu. Ng'ombe zenizo palibe anazifunsa.

Chaka chatha Dolika anabzala mochedwa, nakolola mphwephwa zokhazokha. Chaka chino mbewu ya nshawa za chalimbana anaisunga mum'phika womata, ngakhale ana ankalira njala. Mvula yoyamba itagwa, abale ake analima minda yawo mpaka Lachisanu, namuuza kuti Lolemba ng'ombe zipita ku thonje. Masiku awiri apakatiwo ndiwo anali ake, dzuwa nalo likumwa chinyezi.

Loweruka m'mawa anakagwada pakhomo pa a Bizwell, amene anali kupukuta nsapato za kutchalitchi.

"Alongo anga, ndabwerera Kapiteni."

"Lero?" anadabwa a Bizwell. "Lamulo silinasiye ndi chiweto chomwe, mlongo wanga. Ng'ombe yatchulidwamo. Pita kwa Bonifasi, ndiye anasokoneza masiku."

A Bonifasi anapereka Bulaki ndi mtima wonse, podziwa kuti payekha salima kanthu. Kenaka anatenga Baibulo lawo n'kupita kukadikira mkulu wawo pansi pa mtengo wa mango. Madzulo onse awiriwo anaponyerana mavesi. Wina ankati tsiku lachisanu ndi chiwiri silinasunthe, wina ankati Ambuye anauka Lamlungu. Dolika atakumbutsa kuti anamvapo zoti ng'ombe ikagwa m'chitsime imavuulidwa ngakhale pa Sabata, a Bizwell anamuyankha mokoma mtima kuti Kapiteni sanagwe m'chitsime chilichonse.

"Mawa ukamutenge," anatero. "Kwa ine mawa ndi tsiku wamba."

"Koma Bulaki ayi," anatero a Bonifasi. "Akhristu andiona bwanji?"

Dolika anabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Anapita kwa Edita, mnzake amene amatuta njerwa ndi ngolo ya abulu, nabwereka bulu mmodzi. Edita anati pulawo agwira yekha. Zakuti ndi Lamlungu, Dolika anati tchimolo akalapa akatha kubzala.

Anamanga Kapiteni mbali ina, bulu mbali ina, nayalira bulu masaka pakhosi kuti goli lisamusupule. Zinayenda mokhotakhota, koma dothi linkatembenuka ndithu. Anali asanafike pachulu cha pakati pa munda pamene a Bonifasi anatulukira kuchokera ku Misa, korona ikulendewera pakhosi.

"Dolika! Kulima Lamlungu? Ukufuna kundichititsa manyazi?"

"Musiye mwanayo, palibe chimene walakwa," anayankha a Bizwell, amene anabwera kudzaona ngati ng'ombe yawo sikumenyedwa. Anali atatsegula kale Baibulo kuti amalize za dzulo. Koma atakweza maso anaona makutu aatali pambali pa Kapiteni, ndipo anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Bulu ndi ng'ombe goli limodzi? Zimenezi n'zoletsedwa poyera. Bonifasi, bwera uone wekha."

A Bonifasi, amene chaka chonse amati malamulo akalewo anatha, makamaka pakakhala nyama ya nkhumba, anasuzumira pa tsambalo. Kukana kukanaoneka ngati Akatolika sadziwa Malemba, ndipo anthu ochokera kutchalitchi anali atayamba kuima m'mbali mwa munda.

"Apa pokha, akulu, mwanena zoona," anatero. "Zalembedwadi."

Kuyambira tsiku limene a Bizwell anabatizidwa mumtsinje, abale awiriwa anali asanagwirizanepo pa vesi ngakhale limodzi. Anagwirana chanza, nkhope zili mwee. Mayi wina wa kwaya anafika poimba nthungululu.

Dolika anayandikira goli. Anamasula bulu, nam'mangirira pachitsa. Anavula mpango, naupinda, nauika paphewa. Kenaka anawerama n'kulowetsa khosi lake pamene panali bulu.

"A Dolika, mukutani kodi?" anafunsa Edita.

"Gwirani pulawo, anzanga. Dothi likuuma." Anatembenuzira mutu kwa abale ake momwe goli linamulolera. "Za bulu mwazipeza, alongo anga. Tafufuzaninso, mwina palembedwa za mwana wa mayi anu."

Aliyense ankayembekezera kuti mmodzi wa awiriwo athamangira kukhola kukatenga Bulaki. Koma abale awiriwa anali atafunsidwa funso la Malemba, ndipo funso lotere sanalithawepo. A Bizwell ananyowetsa chala n'kuyamba kuvundukula masamba, a Bonifasi akuwerengera paphewa pawo.

Kapiteni anakoka. Goli linapendekera mbali ya Dolika, mapazi ake akumira m'dothi, ndipo mzere unayamba kutseguka pang'onopang'ono. Edita ankalira uku akuwongolera pulawo. Dolika atafika kumapeto kwa munda n'kutembenuka, a Bizwell anatseka buku lija.

"Choletsa palibe," anatero.

A Bonifasi anagwedeza mutu kuvomereza. Kanali kachiwiri kugwirizana tsiku limenelo.