Chipolopolo cha a Wiebe

Linga la m'tauni mwawo linamangidwa kuti litchinge adani odzera panyanja, koma m'masiku a Aukje Hiemstra linali nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo makiyi ankasunga ndi iyeyo. Wantchito aliyense wa m'lingamo akamapuma pantchito ankapatsidwa chipolopolo cha mzinga chimodzi chochokera pamulu wa m'chipinda chapansi. Aukje ankachipukuta yekha ndi mafuta asanachipereke.

Lachiwiri lina m'nyengo yachisanu kunabwera katswiri wa zida zakale, Bambo Doeke, kudzayendera muluwo. Ananyamula chimodzi n'kuchipala ndi kampeni, kenako anachitsitsa pang'onopang'ono ndi manja awiri.

"Mayi Hiemstra, ichi si chitsulo chabe. Mwakaona kachitsekerero aka? M'katimu muli wonga, ndipo chikatenthedwa chimaphulika. Zilipo zimene zinatuluka m'linga muno?"

"Zinayi," anayankha Aukje.

Zitatu zinali panja, m'minda ya maluwa. Chachinayi chinali kwa a Wiebe, mlonda wakale, amene akakumana ndi Aukje kutchalitchi sankalephera kuthokoza. Masana ankachiika pambali pa mbaula, pokagona n'kuchikulunga m'thaulo kuti chiwafunditse mapazi.

Aukje anaimbira a Wiebe, koma foni yawo inangolira osayankhidwa. Anasiya Bambo Doeke akuimbira asilikali, n'kupalasa njinga pamsewu woterera. Pemphero lake lonse linali mawu amodzi: Ambuye.

Atafika kwa a Wiebe anapeza utsi wa mbaula ukutuluka padenga. A Wiebe anatsegula chitseko kapu ili m'manja.

"Ndiwe Aukje? Akukuthamangitsa ndani? Lowa, khofi akadali wotentha."

"Tulukani, a Wiebe. Chipolopolo chija chili ndi wonga."

"Chimenechi? Zaka zisanu ndi zinayi ndikugona nacho ine. Akatswiri akowo akusowa chochita eti?"

Kumbuyo kwawo Aukje anachiona, chili bii, chitatsamira mbaula yoyaka.

"Ndinakupatsani ndine," anatero motsitsa mawu. "Chonde."

A Wiebe anamuyang'anitsitsa kumaso, ndipo kuseka kunawathera. Anatuluka ndi nsapato za m'nyumba, osatseka n'chitseko chomwe. Atafika kumapeto kwa msewu anaona kuti Aukje wathamanga wopanda chofunda, choncho anavula mpango wawo n'kumukulunga m'khosi.

Patatha ola, asilikali awiri anatulutsa chipolopolocho m'bokosi la mchenga, akuyenda monyang'ama. Galimoto yawo itakhota, Aukje anakhala pansi pomwepo pachisanupo. A Wiebe anakhala naye.