Mawu a Davie pa Tsiku la Chiliza

Eneya anafika ku Kapondo dzuwa litakwera kale, anthu atabwerako kumanda. Chiliza cha Davie anali atachivundukula, abusa atapemphera, mwambo wonse utatha iye akadali kupalasa njinga kuchokera kwawo ku Dambe. Sizinamupweteke. Chimwalirireni mnzakeyo chaka chatha, mtima wake unali ngati mkono wougonera, woti ngakhale uutsine sumva kanthu. Pamaliro sanagwetse msozi, ndipo lero sanayembekezere kuti zingasinthe.

Kale awiriwa anali m'gulu loimba lotchedwa Ana a Malire. Davie ankatsogolera nyimbo ndi banjo yake ya chigubu cha mafuta, Eneya ali pa babatoni, besi ija ya chingwe chimodzi, Goliati pa ng'oma. Nyengo yogulitsa fodya ankavinitsa anthu m'mabala a pa boma mpaka fumbi koboo. Zojambula nyimbo ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, ndiye paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Goliati anakafera ku mafamu a ku Zambia. Davie anakhala mkulu wa mpingo, banjo n'kuipachika mpaka chiswe chinaimaliza.

Davie anali wachibwibwi choopsa. Akayamba kukupatsa moni, unkatha kukatunga madzi n'kumupeza asanamalize. Koma akangotsegula pakamwa kuti aimbe, chibwibwi chinkathawa chokha.

Pabwalo panali sipika yaikulu pa tebulo. Dyna, mwana wa malemuyo, yemwe ndi namwino ku Lilongwe, anaimirira n'kunena kuti tsopano anthu amve mawu a bambo ake. Anadina foni.

Inalira kiyibodi, kenako magitala amagetsi, kenako mwamuna wa mawu osalala akuimba Chinyanja cha kutsidya kwa malire. Eneya anazindikira nthawi yomweyo. Awa anali Ana a Malire ena, anyamata a ku Chipata amene anatchuka pambuyo pake ndi dzina lomwelo. Anawamvapo m'minibasi. Gulu la iye ndi Davie kiyibodi linali lisanaikhudzepo n'chala chomwe.

Anayang'ana achikulire anzake, poganiza kuti wina atsutsa. Kutsutsa kuti? Mitu inali kugwedera, wina mpaka anati, "Ee, Davie ameneyu!" Anthu omwewa ndi amene ankang'amba nsapato povina nyimbo zenizenizo. Munthu akakhuta pa mwambo wa mnzake amavomera chilichonse.

Dyna anabwera n'kugwada pambali pa mpando wake, maso ali ofiira.

"Ankolo, mwazimva? Ndinazipeza pa boma, kwa aja oika nyimbo m'mafoni. Ndinangotchula dzina la gulu lanu, basi n'kundiikira zonse."

"Ndazimva, mwana wanga."

"Ine atate sindinawamvepo akuimba. Ndinabadwa atasiya kale. Ndakula ndikuwaona akulimbana ndi mawu, anzanga akuwaseka. Ndiye ndikamamvetsera izi ndimamva akulankhula osakodwa paliponse. Ndimaziika m'mawa uliwonse popita ku ntchito." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Wotsogolerayu ndi iwowo, eti? Amayi akuti sakukumbuka bwino. Inu ndi amene mwatsala."

Eneya sanali munthu wabodza. Anaganiza zomuuza zoona, kenako n'kumuimbira yekha nyimbo imodzi mmene Davie ankaimbira, kuti mwanayo asatsale chimanjamanja. Anafufuza m'mutu mwake. Anapeza malaya ofiira amene Davie ankavala, fungo la masese, phazi lake likumenya pansi, ngakhale kuwawa kwa chingwe cha babatoni pa chala. Anaona m'kamwa mwa mnzakeyo mukutseguka. Koma mawu amene ankatulukamo anali a mnyamata wa ku Chipata uja, amene anali kulirabe mu sipika.

Anayesanso, atatsinzina. Zinali chimodzimodzi. Sanadziwe kuti mawu a Davie anachoka liti, kaya chaka chatha kaya kale kwambiri iye osazindikira. Anadikira kuti mwina apa mtima umupweteke, koma unangokhala zii.

Dyna anali chigwadire, akumuyang'ana.

"Ndi iyeyo," anatero Eneya.

Mwanayo anagwira dzanja lake n'kulira momasuka, mapewa akugwedezeka. Eneya anamuchitira nsanje. Chakudya chitabwera anadya pang'ono, anatsanzika kwa mkazi wa malemu, n'kutenga njinga yake.

Msewu wa ku Dambe unali wafumbi, minda ya mtedza atakolola kale. Ali pakati pa ulendo anadzimva akung'ung'udza kanyimbo, miyendo ikupalasa motsatira. Anatchera khutu. Inali nyimbo ya anyamata a ku Chipata ija. Anaisiya kuti ipitirire, chifukwa ina yoti aike m'malo mwake analibe.