Fabian wa Pachinsalu

Masiku a chipani chimodzi, galimoto ya kanema ya boma ikafika ku Nyimba, ngakhale odwala ankadzuka pamphasa. Kanema ankaonetsedwa masana m'shedi ya thonje, mazenera atatsekedwa ndi masaka. Munkanunkha fumbi ndi thukuta, koma Agness mpaka lero amalisowa fungo limenelo.

Anthu a m'kanema ankalankhula zakwawo kutali, choncho panali a Sitali, bambo wa mtundu wa Chilozi wogwira maikolofoni, amene ankawaikira mawu m'kamwa. Chinyanja chawo chinali chotsimphina, koma bodza analibe nalo mnzawo, ndipo aliyense wa pachinsalu ankamupatsa dzina la konkuno.

Mwamuna wa Agness, a Fabian Daka, anamangidwapo ndi atsamunda pa nkhani ya ufulu. Ufuluwo unabwera, koma iwo anagwidwa ndi kachasu, ndipo thonje lawo linkathera kwa ophika. Amalume ake a Agness anali atanena kale kuti mvula ikayamba zinthu zisanasinthe, adzabwera kudzathetsa ukwati. Vuto linali lakuti iye ankawakondabe amuna akewo.

Atamva kuti kanema wa ulendo uno ndi wa munthu womwa, anapita kwa a Sitali atanyamula nkhuku.

"Bambo, cakolwa uja mumupatse dzina lakuti Fabian. Kapena angamveko nsoni."

Ankadalira kuti akanema a boma onse amatha mofanana: chidakwa chimalapa, chimagula pulawo, ana n'kunenepa. Sanafunse ngati a Sitali anamuonapo kanemayo. Nawonso a Sitali, poti nkhuku inali yonona, sanaulule kuti kanemayo wangofika kumene ndipo sanamuonepo.

Kanemayo anali wachilendo. Panali mzinda wopanda dzuwa, makoma ake oyenda okha. Asilikali opanda nkhope ankagawira akaidi madzi akuda m'makapu, ndipo womwa ankaiwala dzina lake n'kumaseka yekha.

"Uyu ni Fabian," anatero a Sitali. "Akuti, nipatseniko kang'ono cabe, mawa nizaleka."

Shedi yonse inafa ndi phwete, anthu akutembenuka kuwayang'ana a Daka. Iwo anangoyang'ana pachinsalu, chipewa chili pamaondo. Agness mtima unamupweteka, koma anadzilimbitsa kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Kumapeto akaidi anaukira, chitseko chachikulu chinatseguka, kuwala kunalowa. Onse anathawa. Fabian wa pachinsalu anafika pakhomo, anatulutsa phazi limodzi, anaima nthawi yaitali. Kenaka anabwerera, anakhala pansi, anatola kapu yake.

"Wabwelela cabe kukatenga jekete," a Sitali anayesa kukonza.

Palibe anaseka, chifukwa kanema anathera pomwepo.

Pobwerera a Daka ankayenda patsogolo. Agness ankatsatira ali ndi mantha ndi manyazi, poganiza kuti wawachotsa ulemu amuna ake pagulu popanda phindu, ndipo tsopano akamwa kuposa kale. Atafika pa mphambano pamene kanjira kamakhotera kwa ophika kachasu, a Daka anaima. Kutsogolo ndi kumbuyo kunali anthu ochokera ku kanema.

"Anyina Jennipher," anatero a Daka kwa mkazi wawo, "nidziwa kuti ni imwe munauza a Sitali."

Agness anangowerama.

"Anthu aja aganiza kuti uja sanafune kucoka. Anafuna. Koma anzake onse anathamanga, palibe anayang'ana kumbuyo." A Daka anatambasula dzanja. "Nigwileni mpaka tipitilile apa."

Nthawi imeneyo mkazi wogwirana dzanja ndi mwamuna wake pamsewu masana ankasekedwa mwezi wathunthu. Agness anakweza chitenje pang'ono, anagwira dzanjalo mwamphamvu ngati akuwolotsa mwana pamtsinje, ndipo anthu onse akuona, anawakoka a Daka mpaka kanjira kaja kanatsala kumbuyo.